Ndinasewera Sarijento Pamaso Pake

Sipayi, wapolisi wachikuda wa boma la atsamunda, anabwera Lolemba lotsatira Pasaka, ine ndili pakati pa phunziro. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango nkuima pakhomo la kalasi. Ndinkamudziwa, tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Anati ashefi, mkulu wa boma m'dera lathu, akundifuna ku ofesi yawo ya posito, ndipo ndisavutike kukatsanzika kunyumba chifukwa ndibwerako msanga. Ponena zimenezi maso ake anali pansi, ndiye ndinavala jekete ngakhale kunali kotentha.

Nthawi imeneyo nkuti boma litatisonkhanitsa kale m'midzi yozingidwa ndi waya. Nkhondo inali itatseka njira ya ku tawuni, choncho apadiri a pamishoni pathu, chakufupi ndi Mualadzi, anatsegula kalasi la ana opambana kalasi lachinayi kuti ayambire sekondale konkuno. Ine anandipatsa Chipwitikizi. Polemba, ana anga anali akatswiri. Koma muwafunse chabe kuti adzuka bwanji, kalasi lonse zii, aliyense akuyang'ana zala zake. Sindinkawakalipira. Anakula akulandira mbalamatodya, thabwa lija lamabowo lomenyera m'manja, pa liwu lililonse lolakwika, ndipo anaona okha kuti wokhala chete samenyedwa.

Pamsewu zinali zina. Asilikali anapingasa nsungwi panjira ya ku Cassacatiza, ndipo aliyense wopita kumunda kapena kuchigayo ankafunsidwa m'Chipwitikizi. Wolephera kuyankha ankamukhazika padzuwa. Ndinaona ndi maso angawa mwana wa m'kalasi langa, wokhoza mayeso onse, ataima kukamwa yasa pamene asilikali ankakhuthulira pansi ufa wa amayi ake. Zinandiwawa kwambiri. M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi ndi nsungwi paphewa, nkuigoneka pamipando iwiri. Ndinati mmodzi akhale msilikali, enawo apaulendo, ndipo lero palibe wokonza mnzake, aliyense angoyankhula mpaka adutse. Sabata isanathe, ana aja osatsegula pakamwa anayamba kulimbirana malo.

M'kalasimo munali mtsikana wina, mwana wa mlimi wa mpingo wa Ziyoni, wofatsa mwakuti nthawi zina ndinkaiwala kuti alimo. Tsiku lina anapempha yekha kukhala msilikali. Anapanira kamtengo m'khwapa, nkuyamba kukoka mwendo wamanzere. Asanafunse funso ankayamba wafwenthera, ndipo wapaulendo aliyense ankamufunsa ngati wanyamula mazira. Ameneyo anali sarijento wa pansungwi paja, wathunthu. Chipwitikizi chinkangotuluka osapunthwa, chokalipa, chonyoza, cholondola. Ana anaseka mpaka apadiri anabwera kudzasuzumira pawindo. Nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Kungoti ana sasunga zokoma. Anakasewera zomwezo kuchitsime, nkhani nkufika kwa mwini wake.

Ku posito ndinapeza anthu atatu: ashefi, sarijento uja, ndi bambo wina wochokera ku tawuni, wa polisi ija yosavala yunifolomu. Ameneyu ndiye ankayankhula, mofatsa ngati namwino. Anati ndikuphunzitsa ana kunamiza asilikali kuti azidutsitsa chakudya kwa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma, komanso ndikunyozetsa boma. Ndinayankha kuti boma lomwelo ndi limene linati ana aziyankhula chinenero chake, ine ndangopeza njira yoti achiyankhule. Anagwedeza mutu ngati wavomera. Kenako anati:

"Zonsezo tizisiye. Tipatseni dzina la mwana amene amasewera sarijento, mubwerere ku kalasi lanu lero lomwe."

Ndinkadziwa za atsikana amene anatengedwapo kupita kumsasa wa asilikali kukafunsidwa mafunso. Wina wa m'mudzi mwathu anabwerako, koma sanaonekenso pagulu. Ndinati palibe mwana amene anayambitsa zimenezo, wosewera sarijento ndine, ana amangonditsanzira.

Bambo uja anamwetulira. Anatenga ndodo imene inali patebulo nkundipatsa m'manja.

"Ndiye tisewerereni, aphunzitsi."

Apa ndinaona mmene msampha anautchera. Ndikasewera mozemba, adziwa kuti ndikunama, ndipo madzulo omwewo akhala ali pakhomo la kalasi. Ndikasewera bwino, mwini wake ali pomwepo, manja ali m'chiuno. Sindinachedwe kusankha. Ndinapanira ndodo m'khwapa, ndinakoka mwendo, ndinafwenthera. Ndinakumbukira chilichonse chimene mwana uja ankachita, ngakhale mmene ankatukulira chibwano. Ndinayenda mpaka patebulo nkuwafunsa ashefi eniakewo kumene akupita, ndiponso ngati anyamula mazira. Msilikali wa pakhomo anaphulika ndi phwete. Ashefi anagwira pakamwa nkuyang'ana kukhoma. M'chipinda monsemo munalibenso wokayika kuti wosewera ndine.

Zimene zinatsatira ndilemba mwachidule. Ashefi ndi bambo wa ku tawuni uja anatuluka kukasuta fodya, ndipo anachedwa kubwerako. Mano anga akutsogolo anatsala m'chipinda chimenecho. Khutu lamanzere silimva bwino mpaka pano.

Ananditsekera m'kanyumba kosungiramo thonje, kuseri kwa posito. Ankanditulutsa, funso lomwelo, yankho lomwelo, nkundibwezeramo. Sipayi uja ndiye ankandibweretsera madzi. Tsiku lina akutula chitini pansi, anandinong'oneza kuti bambo wa ku tawuni anapitabe kusukulu nkufunsa ana mmodzimmodzi, ndipo onse anati ndi aphunzitsi. Ndinamufunsa kuti anayankha m'chinenero chanji. Anandiyang'ana ngati wamisala, nkunena kuti m'Chipwitikizi, aliyense payekha, opanda womasulira. Ndikunena zoona, pakamwa pali potupa chomwecho, ndinanyada.

Chimanga chitauma m'minda anandikweza galimoto ya lole kupita kundende yaikulu, m'mbali mwa Zambezi. Mlandu sunazengedwe. Pachipata mlonda anandifunsa ntchito yanga, ndipo nditamuuza anati, "Muno mulibe mphunzitsi, muli akaidi basi." Analakwitsa. M'chipinda mwathu munadzaza alimi ochokera ku Nsadzo ndi kwina, anthu osadziwa ngakhale kupempha mankhwala m'chinenero cha alonda. Masana tikakhala pamthunzi wa khoma, tinkachita sewero, wina ankakhala mlonda, wina wodwala, tikuyankhula chapansipansi. Mkulu wina wa imvi, amene poyamba ankati lilime lake linauma kale, anadzaima tsiku lina pamaso pa mlonda weniweni nkunena kuti mnzake akusanza magazi, akufunika dokotala. Dokotala anabwera. Mnzakeyo anamwalirabe, koma anamwalira pabedi.

Ankandiitanabe nthawi ndi nthawi. Ankati dzina limodzi lokha, chitseko chitseguka. Ulendo wina kunabwera akuluakulu a asilikali, ndipo atamva mbiri yanga analamula kuti ndiwasewerere sarijento. Ndinasewera bwino kuposa poyamba, chifukwa apa nkuti ndikutsimphina zenizeni. Anaseka, anandiponyera ndudu, nkundibwezera m'chipinda. Tsiku limenelo ndinalira, osati chifukwa cha ululu, koma manyazi. Dzina lija linali pakamwa panga penipeni, ndipo ndinalimeza.

Mvula inagwa nkusiya, inagwanso nkusiya. Kenako tinamva alonda akunong'onezana kuti boma lagwa kwawo ku Ulaya. Nyengo yozizira ya chaka chomwecho anatiitana pabwalo m'mawa, ndipo mlonda yemwe uja wa pachipata anati, "Pitani, nkhani yatha." Sanapepese, ndipo sindinkayembekezera kuti apepesa. Ndinafika kwathu mkazi wanga akupeta mphale. Anandiyang'ana ngati mlendo wofunsa njira, mpaka nditamutchula dzina.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, kaya pachipata cha ndende, kaya tsiku limene mbendera inasintha. Ine ndimati ufulu ndi kutsegula pakamwa pamaso pa munthu wamphamvu osayamba wawerengera kuti zikuthera kuti. Chinenero cha eni ndende chija sindinadane nacho. Ndinaona chikupingasa anthu panjira, ndinaonanso chikuitana dokotala. Ndinkafuna ana athu achigwire m'manja mwawo, kuti pasadzakhalenso wowayankhulira. Chifukwa chake chimene ndinkafunitsitsa kudziwa nditabwera ndi chakuti mtsikana uja ali bwanji.

Anabwera naye bambo ake, atavala mkanjo wawo woyera wa ku Ziyoni. Tinakhala pakhonde, tinalonjerana nthawi yaitali, za matenda, za amene anatisiya. Mwana anali wamoyo, wamphumphu, atakula, palibe anamukhudza. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako bambowo anatsitsa mawu nkunena kuti chinditengereni, mwanayu sanatulutsenso liwu limodzi la Chipwitikizi. Mabuku anawapereka kwa anzake. Mwanayo amati pakamwa pake ndi pamene panamangitsa munthu.

Zimenezi zinandipweteka kuposa za m'chipinda chija. Ndinamuuza mtsikanayo kuti amene anandimanga ndi anthu aja, osati iye, ndipo kuti phunziro labwino kuposa onse amene ndinaonapo ndi limene anaphunzitsa iyeyo tsiku lija. Iye ankangotokosa pansi ndi kachitsotso. Ndiye ndinamuuza zoona zake: apadiri akufuna kutsegulanso kalasi, koma ndi m'kamwa mwangamu mawu ambiri akungotuluka mphepo, ana sangatengerepo kanthu.

"Mwanawe, sindinasunge dzina lako kuti ukhale chete," ndinatero. "Ndikufuna munthu wondinenera mawu amene akundikanika."

Anadzutsa mutu nkuyang'ana pakamwa panga, pamene panali mano. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, osaipukuta. Bambo ake anayamba kupepesa kuti ndisamukakamize. Asanamalize, mwana uja anandifunsa chapansipansi, m'Chipwitikizi, kuti tiyamba liti.