Ofelia ndi Nyumba Zosagona Anthu

Inu amene mumalawirira kuntchito, n'kuweruka msana uli gwaa, koma mwezi ukatha mulibe choloza, imvani za Ofelia Barragán. Ndinamudziwira ku San Jose, chaka chimene wailesi inkalengeza m'mawa uliwonse kuti kuno ku California ntchito zili mbwee, wokhala chabe ndi wofuna yekha.

Ofelia anali ndi zaka 38, ndipo ntchito anali nazo ziwiri. M'mawa ankakonza m'nyumba zimene zikudikira ogula. Masana mpaka dzuwa kulowa ankalongedza katundu m'makatoni. Malipiro ankalandira mosadumphitsa. Koma ankagona m'galimoto.

Lendi ya kachipinda kake itakwera kachitatu, anatenga mwana wake Yesenia, wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kukamusiya kwa mkulu wake ku Stockton. Onse awiri anawanamiza kuti wapeza nyumba ina yaing'ono, koma eniake salola ana. Atabwerako anakapempha malo kuseri kwa tchalitchi china, pabwalo pamene abusa ankalola osowa pokhala kuimikapo magalimoto awo.

Pabwalopo pankagona magalimoto 22, ndipo pafupifupi m'galimoto iliyonse munali munthu wapantchito. Wina ankaphika mulesitilanti, wina ankasamalira nkhalamba, wina ankayendetsa basi ya ana asukulu. Kukacha, nkhungu ili tolo, zitseko zinkatseguka pang'onopang'ono. Anthu ankatuluka atavala kale mayunifomu, n'kumatsuka mano ndi madzi am'botolo, aliyense atayang'ana kwake. Ukanati ndi pamaliro.

Woseka analipo mmodzi yekha, Bambo Lamont Pruitt, mlonda wa zaka 63, amene ankaimika galimoto yawo pafupi ndi ya Ofelia.

"Aneba!" ankatero akatsitsa galasi. "Mwadzuka bwanji kuchipinda chanu chapamwambacho?"

"Tadzuka, Bambo Pruitt, koma antchito anga achedwanso ndi tiyi," Ofelia ankayankha.

"Achotseni amenewo. Simunamve pawailesi? Ntchito zili mbwee, akapeza ina."

Lachiwiri lina m'mawa moniyo sanamveke. Ofelia atatuluka anaona chinthu chimene mpaka lero akachifotokoza amatsitsa mawu. Magalasi a galimoto iliyonse anali ndi nthunzi ya mpweya wa munthu wogonamo. A galimoto ya Bambo Pruitt anali mbee, opanda nthunzi.

Anasuzumira. Bambowo anali khale pampando, yunifomu yosita bwino ili m'thupi, baji ili pachifuwa, manja ali pamiyendo ngati munthu amene akudikira kuitanidwa. Anagogoda. Anagogodanso. Kenako foni yawo, imene inali pafupi ndi chiwongolero, inayamba kulira. Pafoniyo panalembedwa liwu limodzi: Kuntchito.

Apolisi atafika foniyo inali ikulirabe. Inkasiya, n'kuyambiranso. Palibe anaigwira. Anthu apabwalopo anaima pang'ono, wina anapemphera chamumtima, kenako mmodzimmodzi analiza magalimoto awo. Nthawi ya ntchito inali itakwana. Nayenso Ofelia ananyamuka.

M'njira, pafupifupi sitolo iliyonse inali ndi chikwangwani chakuti akufuna antchito. Atafika pamaloboti, pambali pake panaima galimoto yoyera yopanda dalaivala, imodzi mwa zamakono zoyenda zokha. Munalibe ngakhale wokwera. Nyali yobiriwira itayaka, chiwongolero chinatembenuka chokha, galimotoyo n'kulowa m'nkhungu.

Nyumba ya tsiku limenelo inali paphiri, ya zipinda zogona zisanu. Monga mudziwa, nyumba yogulitsa amaiyala katundu wobwereka kuti ogula akopeke. Patebulo panali mandimu apulasitiki. Wailesi yakanema inali katoni yopaka utoto wakuda. Pakhoma panali zithunzi za banja lomwetulira limene silinapondeko pakhomopo. Kanyimbo kofewa kankalira kuchokera kudenga, popanda woimvera.

Ofelia anakolopa pansi ponse, n'kukwera kumwamba. Atalowa m'chipinda chachikulu anaima kaye. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri asanagone chowongoka. Anayang'ana bedi lalikulu loyalidwa nsalu zoyera, nati mumtima, mphindi zisanu zokha. Anavula nsapato n'kugonapo.

Bedilo linapuma. Linatulutsa mpweya wautali, fuuu, ngati munthu amene akutsirizika, ndipo linayamba kumira naye pang'onopang'ono. Ofelia anakuwa n'kudumpha. Atavundukula nsalu anapeza kuti si bedi ayi. Anali matilesi opopa, osanjikidwa pamakatoni opanda kanthu.

Anakhala pansi pomwepo nalira. Analirira Bambo Pruitt, analirira mwana wake, anadziliriranso yekha, pakuti anaona bwinobwino kumene njira yake inkapita: tsiku lina foni yolira idzakhala yake.

Ali chilirire anamva phokoso lina m'nyumba yopanda anthuyo. Tho. Tho. Tho. Analitsatira mpaka kukhitchini, n'kupeza madzi akutuluka pansi pa sinki, ayamba kale kuyenderera pamatabwa apansi. Bambo ake ankagwira ntchito yothirira m'minda ya ku Salinas, ndipo ali mwana ankawanyamulira sipanala. Anathamangira panja, nafufuza m'maluwa mpaka anapeza potsekera madzi a nyumba yonse. Anatseka, n'kuimbira foni wogulitsa nyumbayo.

Patapita ola kunabwera pulambala, wokonza mipope wachikulire, Bambo Hovsepian, wa nsidze zambiri ngati tchire.

"Watseka madzi ndani?" anafunsa.

"Ndine, bambo. Ndalakwitsa?"

"Mwalakwitsa kwambiri. Mwandidyera ntchito ya masiku atatu." Anagwada n'kusuzumira pansi pa sinki. "Anthu ambiri akaona madzi amathamangira chokolopera. Inu mwathamangira kumene akuchokera. Anakuphunzitsani ndani?"

Ofelia anawauza. Mwina chifukwa cha zimene anaona m'mawa uja, anawauzanso zonse, za galimoto, za mwana, za Bambo Pruitt. Mkuluyo anamvetsera akupukuta manja.

"Mayi, tamverani," anatero. "Ntchito kuno n'zambiri, inde. Koma zambirizo n'zoti ukagwa lero, mawa wina waimapo kale, ndipo palibe afunse dzina lako. Funani ntchito yoti mukadwala, anthu azisowa mtendere."

Anamulembera pakapepala dzina la bungwe la okonza mipope, limene limaphunzitsa anthu ntchito kwa zaka zisanu uku akulandira malipiro. Koma polowera pake panali mayeso a masamu.

"Sukulu ndinasiya ndili ndi zaka 16," anatero Ofelia.

"Ine ndinabwera kuno osadziwa ngakhale kupempha madzi akumwa," anayankha mkuluyo. "Kalembeni."

Atabwerera kutchalitchi kuja anapeza galimoto ya Bambo Pruitt itachotsedwa kale. Pasanathe masiku awiri pamalopo panaima galimoto ina, ya mphunzitsi wapulayimale, malaya ake atapachikidwa pawindo.

Ofelia analemba mayeso koyamba, n'kulephera mochititsa manyazi. Mafunso ogawa mainchi anamuzungulitsa mutu. Sanauze aliyense. Anayamba kupita kulaibulale pa ola limodzi limene linali pakati pa ntchito zake ziwiri, nabwereka mabuku a ana a sitandade 6. Mayi uja woyendetsa basi ya ana asukulu atamuona akuwerenga, anayamba kumufunsa mafunso m'mawa uliwonse, mswachi uli kukamwa.

"Achemwali, theka kuphatikiza kota?"

"Makota atatu."

"Eya! Ana anga a m'basi akanakuposani liwiro, komabe mwayesetsa."

Kachiwiri anakhoza, koma anali wa nambala 140 pamndandanda, pamene ankatenga anthu 60 okha. Kalatayo anaipinda n'kuiika pansi pa mpando.

Lamlungu la sabata imeneyo anaimbira Yesenia foni yoonana nkhope, monga ankachitira nthawi zonse. Mwanayo anamuyang'anitsitsa.

"Amayi, bwanji nthawi zonse mumandiimbira muli m'galimoto?"

"Ndimakhala ndili paulendo, mwanangu."

"Bulangete lili kumbuyo kwanulo ndi la pabedi pathu."

Mwanayo anayang'ana kukhomo, n'kusendeza foni pafupi ndi pakamwa.

"Sindiwauza a anti," ananong'ona. "Koma nyumba yosalola ana ija kulibe, eti?"

"Kulibe."

"Ndiye si kuti simukundifuna?"

Miyezi yonseyo Ofelia ankaganiza kuti bodza lake likuteteza mwana. Sankadziwa kuti mwanayo ankagona akuganiza kuti mayi ake anasankha nyumba n'kusiya iye.

"Yesenia, tamvera," anatero Ofelia. "Ndikukufuna kuposa mpweya. Ndipatse nthawi pang'ono. Ndikubwera kudzakutenga, ndipo sindidzakunamizanso."

Tsiku lomwelo anaimbira mkulu wake n'kuulula zonse. Mkuluyo anamukalipira mpaka foni kutentha, kenako onse awiri analira. Anamuuza kuti angosiya zonse abwere ku Stockton, adzapanikizana momwemo. Ofelia anakana. Mayeso achitatu anali atatsala miyezi isanu, ndipo anadziwa kuti akachoka sadzawalembanso.

Miyezi isanuyo inali yowawa. Mvula ya Januwale inkadontha pa chitseko chakumbuyo. Anadwala chifuwa, napitabe kuntchito. Loweruka lililonse ankatsatira Bambo Hovsepian popanda malipiro, kuwanyamulira zida, kuti manja azolowere ndipo akafike kwa ofunsa mafunso ali ndi chonena. Mkuluyo sankayamikira munthu. Akaona kuti walumikiza bwino ankangoti, "Sizikudontha," basi.

Kachitatu anali wa nambala 31.

Anayamba kuphunzira ntchito ali ndi zaka 40, mkazi yekha pakati pa amuna 19. Tsiku loyamba wina anamuponyera mawu.

"Agogo, sipanalayo ikulemerani? Tikunyamulireni?"

"Nyamula kaye thalauza lakolo, likugwa," anayankha Ofelia, gulu lonse n'kufa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo anamusiya.

Ntchitoyo sinali yokoma. Ankakwawa pansi pa nyumba zakale, mumdima, nkhope ikukhudza ukonde wa akangaude, pamwamba pake akumva mapazi a eni nyumba amene sankadziwa n'komwe kuti pansi pawo pali munthu. Zikhadabo zinathyoka, maondo anachita zipsera. Koma miyezi isanu ndi umodzi iliyonse malipiro ankakwera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anali ndi chithandizo chakuchipatala. Ntchito yolongedza makatoni anaisiya.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri anapeza kanyumba ka chipinda chimodzi ku Hayward, pamwamba pa malo ochapira zovala. Makoma ankanjenjemera makina akamazungulira. Loweruka m'mawa anapita ku Stockton kukatenga mwana wake.

Yesenia, amene tsopano anali ndi zaka 12, analowa n'kuima pakati pa chipinda, chikwama chili kumsana. Sanakhale pansi. Anatulutsa chithunzi chimene anajambula kusukulu, n'kuyang'ana khoma.

"Amayi, amalola kukhoma msomali?"

"Khoma."

"Nanga tikamadzasamuka?"

"Bowolo ndidzamata ndekha, ndi ntchito yanga," anatero Ofelia, akumupatsa hamala yochokera m'bokosi lake la zida. "Koma sitikusamuka. Vula chikwamacho."

Mwanayo anakhoma msomali wokhota, chithunzi chinapendekeka, ndipo anachisiya chomwecho.

Lero Ofelia ali ndi chiphaso chake cha ntchito, ali ndi galimoto yonyamulira zida yolembedwa dzina lake, ndipo akuphunzitsa amayi awiri. Sindikunamizani kuti analemera. Nyumba yogula sanaifike, ndipo pamitengo yakuno mwina sadzaifika. Koma akadwala, foni zimene amalandira ndi za anthu ofunsa kuti, "Mayi Barragán, mupeza bwino liti? Sitikufuna wina."

Akamva anthu akutama dera lino kuti ndi lolemera chifukwa aliyense ali pantchito, amangopukusa mutu. "Kuwerenga anthu amene ali pantchito n'kosavuta," amatero. "Akawerengenso kuti akaweruka amapita kuti."

Tsono inu amene mukuwerenga, kaya muli kuno kaya muli kwina kumene anthu amakusirirani chifukwa mumavala yunifomu, musalole kuti kutanganidwa kukunamizeni kuti mukupita patsogolo. Dzifunseni ngati ntchito yanu ikukusiyirani kanthu m'manja kapena m'mutu kamene munthu sangakulandeni. Ngati yankho ndi ayi, musaisiye lero, pakuti mimba siidikira. Koma pezani ola limodzi, ngakhale lothina bwanji, muyambe kuphunzira luso. Uzani abale anu zoona, chifukwa manyazi amalemera kuposa umphawi. Mukalephera, kalembeninso. Mukakhoza koma n'kusiyidwa, kalembeninso.

Ofelia analowa kachitatu, ali ndi zaka 40. Inuyo simunachedwe. Limbani mtima, musautaye.