Ndowa ya Chipinda Nambala 9

Mayi Monica aphika pamalo athu a misonkhano ya mpingo ku Senga Bay kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndine wa pageti, ndiye ndimawaona m'mawa uliwonse akutsika pa kabaza, nkhope ili gwa ngati akupita kukazenga mlandu. Kuimba satha. Kupemphera pagulu amakana, amati mawu amawathera pakhosi. Abusa atawafunsa kuti utumiki wawo ndi uti, anayankha kuti ndi mbale, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sukulu analekera Sitandade 6. Kuphika anaphunzirira pa loji ina, koma anachokako atatopa ndi kukazinga tchipisi. Amuna awo, a Wilson, anamwalira ndi matenda a shuga, ndipo zimenezo sakonda kuzikamba. Mlendo amamudziwa ndi zimene wasiya m'mbale. Ukasiya nyemba lero, mawa upeza usipa popanda kufunsidwa.

Chimene sagwirizana nacho ndi misonkhano yosala kudya. Masiku amenewo khitchini imatsekedwa, iwo amapatsidwa tsache kuti azisesa m'zipinda, ndipo amasesa mong'ung'udza.

Mu Ogasiti chaka chatha kunabwera amayi makumi anayi ochokera ku Lilongwe, kudzasala masiku atatu, madzi okha. Mtsogoleri wawo, Mayi Faith, anali wamtali, wamawu osafuna maikolofoni. Anandiuza pageti pomwe kuti ngakhale wogulitsa mandasi asayandikire mpanda.

Tsiku loyamba, posesa chipinda nambala 9, Mayi Monica anapeza m'bini kapepala ka mapiritsi amene ankawadziwa bwino, omwe aja ankamwa a Wilson. Mwini chipindacho anali Tadala, mayi wachitsikana amene anali atangolowa kumene m'gululo. Anamupeza kuseri kwa holo atakhala pansi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera.

"Mankhwala awa samwera m'mimba mopanda kanthu," anatero Mayi Monica.

"Chonde, amayi, musauze munthu. Aziti ndilibe chikhulupiriro."

Kuyambira masana amenewo, Mayi Monica anayamba kuyenda ndi ndowa yabuluu yovundikira, thaulo lili paphewa. Aliyense ankayesa ndi madzi osamba. Ine mphuno yanga sinama: madzi osamba sanunkhira nsinjiro. Ndinangoyang'ana kumbali, koma mtima unali m'mwamba, chifukwa chivundikiro chija chikanatseguka pamaso pa anthu, Tadala sakanadzutsanso mutu pakati pa amayi anzake.

Tsiku lachiwiri, nthawi yopuma, Mayi Faith anawaimitsa pakhonde. Ndinali chapafupi, ndikuthirira maluwa.

"Amayi, munthu wa chipinda chimenechi amasamba kangati pa tsiku?"

Mayi Monica anatula ndowa pansi. Mayi Faith anawerama n'kuvundukula. Munali phala la mgaiwa lotendera ndi mazira owiritsa. Ndinadikira kuti mawu aja aphulike, holo yonse ituluke kudzaonerera.

Sanaphulike. Mayi Faith anakhala chiweramire nthawi yaitali, dzanja lili pa chivundikiro. Ndi pamene ndinaona kuti chivundikirocho chikugogoda m'mphepete mwa ndowa, chifukwa dzanjalo silinkakhazikika.

"Mbale zili ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Inayi ndi ya ndani?"

"Chipinda chanu chija, nambala 2, ndimasesanso ndine, mayi, ndipo za m'bini mwanu ndinaziona," anayankha Mayi Monica. "Kuyambira dzulo ndakhala ndikuinyamula n'kumabwerera nayo. Ndimasowa poyambira."

Mayi Faith anavundikira ndowa ija bwinobwino. Anayang'ana ku holo, anayang'ana ine, ine n'kulimbikira kuthirira duwa lomwe linali litakhuta kale madzi.

"Yambani mwapereka kwa mwanayo," anatero. "Kwanga mubwere pambuyo. Chitseko sindikhoma."

Mayi Monica ananyamula ndowa yawo, nakonza thaulo paphewa, n'kupitirira kunka ku nambala 9.