Chipinda Chimene Alamu Anga Anamangira Bambo Awo

Alamu anga a Japhet amayendetsa basi kuno ku Glasgow, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi amisiri omanga nyumba. Atha zaka khumi ndi ziwiri ali pachiwongolero, koma mpaka lero akalowa m'nyumba ya munthu sayamba ndi moni. Amayamba agogoda khoma ndi chala, n'kutchera khutu, kenaka ndiye mumve "muli bwanji". Anakwatira achemwali anga a Malita, choncho ine Ketrina ndili ndi ufulu wonse wowaseka, ndipo sindiusiya ufuluwo kuti uchite dzimbiri.

Umisiriwo anautengera kwa bambo awo, a Zangaphee, a ku Nsipe ku Ntcheu. Mkuluyo anamanga masukulu, magolosale ndi nyumba za aphunzitsi kuchokera pa Kampepuza mpaka ku Balaka, ndipo a Japhet anagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi asanabwere kuno. Vuto la anthu awiriwa n'lakuti sanaphunzire kucheza nkhani ina iliyonse kupatula ya njerwa. Alamu akaimba foni kumudzi, ankapereka moni, kufunsa ngati mvula ikugwa, basi n'kunena kuti tawapatsirani amayi. Amayiwo anamwalira mu 2011, mapepala a alamu asanalongosoke, moti kumaliro sanapite. Kuyambira pamenepo panalibenso wom'patsira foni, ndipo macheza a bambo ndi mwana ankatha madzi a tiyi asanawire.

Atapeza mapepala anapita kumudzi kamodzi kokha. Anakhala pakhonde ndi bambo awo masabata awiri, n'kumakambirana za mng'alu wa pakhoma la kukhitchini. Kumanda anapita, anaima, anabwerako, palibe anafunsa mnzake kanthu. Atafika kuno anawonda ndi maganizo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: bambo awo abwere, akhale miyezi isanu ndi umodzi, amugwire dzanja mdzukulu wawo Towera amene amangomuonera pafoni, ndipo mwina tsiku lina awiriwo adzapeze pakamwa poyankhulira.

A Zangaphee sanakane, koma anaika lamulo. Anati iwo sangagone pabalaza ngati mlendo wosowa basi, ndiponso sangamalimbirane bafa ndi mpongozi wawo. Mwana akadzamanga pogona pawo, pokhala ndi khomo lakelake, adzabwera. Ndikuganiza kuti mkuluyo ankayesa kuti wathana nayo nkhaniyo, poti kuno munthu sungadzuke m'mawa n'kuyamba kuumba njerwa kuseri kwa nyumba.

Mu 2021 banjali linagula fulati yapansi m'nyumba yakalekale yamiyala ku Pollokshields. Achemwali anakopeka ndi khitchini. Alamu khitchiniyo sanaione n'komwe. Iwo anali atatsika kale kunsi, kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba chimene eni ake akale ankasungiramo malasha. Munali mdima, fungo la chinyezi, ndi njinga yopanda mateyala imene mwini wake mwina anamwalira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Koma munali khomo lotulukira kuseri, ndi masitepe asanu ndi atatu okwera kukafika pakapinga. Alamu anabwerako kangaude ali m'mutu, n'kunena kuti nyumba tagula.

Aliyense anabwera ndi nzeru zake. Achemwali ankafuna kapeti, penti wotuwa ndi timagetsi tating'onoting'ono ta m'siling'i. Ine ndinati tiike galasi lalikulu pakhoma kuti chipinda chizioneka chotakasuka. Towera, m'Chingelezi chake cha kuno chimene agogo ake samvapo ngakhale liwu limodzi, anati pakhale pa kanema. Alamu anatimvetsera tonse mwaulemu, n'kuchita zawo. Pansi pakhale simenti yofiira yopaka polishi ngati khonde la ku Nsipe. Makoma oyera, okhala ndi mzere wakuda m'munsi. Msomali wa chipewa kuseri kwa chitseko, kashelefu ka wailesi kumutu kwa bedi, hita pafupi ndi mpando chifukwa mawondo a mkuluyo sagwirizana ndi chisanu. Pakona pamene pankakhala malasha pakhale chimbudzi ndi shawa. Galasi langa anati bambo awo si a saluni.

A khonsolo atavomereza mapulani, ntchito inayamba, ndipo apa m'pamene panachitika chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Loweruka loyamba alamu anaimika foni pachitini cha penti n'kuimbira mchemwali wawo kumudzi kuti awaonetse bambo khomalo. A Zangaphee anangoti kuliona, anaitanitsa magalasi. Anafunsa kuti mchengawo ndi wa kumtsinje kapena wa m'dambo. Anawakalipira alamu chifukwa chogwira mpeni womangira ngati supuni. Anawauza kuti aike levulo pakhoma, asendeze foni pafupi, iwo aone okha kadontho kali pakati. Foni ya tsiku limenelo inatha maola awiri.

Zinakhala choncho Loweruka lililonse. Alamu anasinthanitsa mashifiti ndi anzawo onse kudepoti kuti tsikulo lisamawapeze pamsewu. Ine ndinkachoka ku Govanhill kumene ndimakhala, ati kukathandiza, koma zoona zake ndinkapita kukaonerera bambo wa imvi zake akutchedwa chitsiru ndi bambo ake, iye n'kumangomwetulira mano onse pamtunda. Sindinawaonepo alamu ali osangalala chotero, ngakhale pa ukwati wawo.

Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina wa mpingo, mzungu wa konkuno, a Thomas, amene anapuma pantchito ya pulasitala. Atamva za ntchitoyi anabwera kudzaona, n'kupeza matumba a simenti ali mulu. Anapukusa mutu. Anati miyala ya nyumba zakale za kuno imamwa madzi, ndipo imafuna kupuma kuti madziwo atuluke. Ukaimata simenti waitseka mphuno. Pamafunika pulasitala wa laimu. Alamu anakafotokoza kwa bambo awo, ndipo a Zangaphee anaseka mpaka kutsokomola. Kwa iwo laimu ndi wopaka zimbudzi ndi miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera alendo. Anati mawilibala anayi a mchenga, thumba limodzi la simenti, ndipo palibe khoma linawagwerapo chiyambire. Alamu anayang'ana a Thomas, anayang'ana foni, n'kusankha bambo awo.

Mawu a akulu amakoma akagonera, kungoti apa akulu analipo awiri. Pofika Febuluwale khoma linayamba kutuluka thukuta. Penti anatupa, m'makona munachita chuku, ndipo alamu atagogoda ndi chala chawo chija, khoma linayankha ngati ng'oma. Anagumula pulasitala yense, ntchito ya miyezi inayi, n'kumutulutsa m'zidebe pamasitepe aja. Achemwali analira. Ine ndinakonzeka kuwaseka alamu chaka chathunthu, koma nditatsika ndinawapeza akuimba nyimbo ya kwaya, fumbi lili mbuu kumaso. Ndinazindikira kuti munthuyu sakuwerenga zimene zawonongeka. Akuwerenga ma Loweruka ena amene awonjezereka.

A Zangaphee anagonja mwaulemu. Anapempha kuti mzungu uja aonekere pafoni, ndipo amisiri awiriwo anagwirizana ndi manja okha, wina akukanda laimu, wina akugwedeza mutu. Koma mkuluyo chinthu chimodzi chinkamuzunguza. Ankafunsa kuti khoma lili m'kati mwa nyumba, denga silidontha, nanga madziwo akuchokera kuti? Alamu ankangoti kuno n'kwa mvula. Nthawi yonseyi iwo ankachitchula kuti chipinda cha kumunsi, ndipo bambo awo ankaganiza za nyumba zomangidwa pamtsetse ngati za ku Zomba, zimene chipinda china chimatsikirako pang'ono. Sindikhulupirira kuti alamu ankabisa. Anakhalitsa kuno, kumene munthu akakonza besimenti amaitana anzake kudzaona, ndipo zina za kwathu zinali zitawachoka m'mutu.

Chipinda chinatha mu Meyi chaka chatha, ndipo wogwira foni tsiku loonetsa ndinali ine. Ndinayenda nayo pang'onopang'ono. Pansi pofiira pankawala moti unkadziona. Msomali unalipo, kashelefu kanalipo, bulangete latsopano lili pabedi. A Zangaphee anati ndiike foni m'mphepete mwa khoma kuti aone ngati lawongoka. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Wakhoza." Alamu anatembenuka n'kuyamba kupukuta chitseko chimene chinali chopukuta kale.

Zikanathera pomwepo. Koma ine ndinali nditasoka katani ya chitenje, ndipo ndinkafuna nane anditamande. Ndinaloza foni kuwindo. Mkuluyo anafunsa chifukwa chake windo taliika m'mwamba ngati la kubafa. Ndinakoka kataniyo, ndipo nthawi yomweyo panja panadutsa mayi wa fulati yapamwamba akupita kukataya zinyalala. Tinaona nsapato zake ndi akakolo basi, zikudutsa pamwamba pa mitu yathu.

A Zangaphee anandiuza kuti ndituluke nayo foniyo panja. Ndinakwera masitepe, iwo akuwerenga mokweza. Nditafika pakapinga anati nditembenuke, ndiloze kumene ndachokera. Anaona khomo lili kunsi, windo lili pa udzu. Anati ndibwerere ndikampatse mwana wawo.

"Japhet, ukaima m'menemo, nthaka ili pati?"

"Ili cha m'mutu, bambo."

Kenaka mkuluyo anayankhula ndi mawu otsika, amene sindinawamvepo pa ma Loweruka onse aja.

"Amayi ako ndinawamangira ndekha. Adzukulu atatha kukumba ndinawauza kuti atuluke, ndinalowamo ine. Njerwa mbali zonse zinayi, pulasitala, pansi ndinasalaza ndi mpeni wanga womwe uja. Ndinaika ndi levulo, kuti asagone mopendekeka. Zimene wandionetsazi ndi zomwezo, mwana wanga. Kungoti iwe waikamo bedi."

Alamu sankadziwa. Zaka khumi ndi zitatu palibe anawauza kuti manda a amayi awo anamanga ndani, ndipo iwo sanafunsepo. Anakhala pansi pofiira paja, foni ili m'manja, mpaka inazima yokha. Ine ndinaima ndi katani yanga, ndikulakalaka ndikanasoka pilo.

Ma Loweruka atatu anadutsa opanda foni. Alamu ankapita kuntchito, kubwera, kudya, osagogodanso khoma la munthu. Amene anaganiza zochita ndi achemwali anga, ndipo pamenepa ndimawavulira chipewa. Anati ngati bambo sangatsike, titsike ndife. Anasamutsa zovala zawo ndi za amuna awo kupita kunsi, chipinda chawo chapamwamba, cha windo lalikulu loyang'ana kumsewu, n'kuchikonzera apongozi awo. Khomo ndi bafa za kunsi zinakhala za awiriwo, zapamwamba za apongozi, lamulo la mkulu uja losaphwanyidwa. Alamu anazula msomali wa chipewa n'kukaukhoma kumwamba.

Loweruka lachinayi anaimba. Anaonetsa chipindacho, dzuwa likulowa mpaka pabedi, mitengo ikuoneka, anthu akudutsa athunthu ndi mitu yawo yomwe. A Zangaphee anayang'ana osanena kanthu za khoma. Anafunsa kuti chipindachi chinali cha yani, ndipo atauzidwa anafunsanso kuti nanga eni akewo akugona kuti.

"Kumunsi kuja, bambo."

"Ndi mkazi wako yemwe?"

"Eya."

"Mwana wanga ine, kugona kunsi kwa nthaka ine ndili moyo." Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. "Tumiza mapepala akowo. Ndibwera ndidzakutulutse."

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Pasipoti inatenga nthawi yake, pempho loyamba la viza linabwerera lokanidwa, lachiwiri tikudikira yankho. A Zangaphee akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, ndipo miyendo yayamba kutupa. Mchemwali wa alamu akuti chikwama chinalongedzwa kalekale, chili pampando, pamwamba pa zovala pali levulo ndi mpeni womangira uja. Foni ya Loweruka inabwerera, ndipo masiku ano nthawi zina amakamba za amayi: mmene ankapsera mtima akapeza simenti m'beseni lawo lochapira, nyimbo imene ankaikonda ku Mvano. Samatha maola awiri, koma samakambanso za mchenga.

Chipinda chapamwamba chimangokhala. M'mawa uliwonse alamu asanapite kukatenga basi amakwera, kutsegula makatani, n'kutseka chitseko. Kunsi kuja n'kwabwino ndithu, khoma la laimu ndi louma, koma m'nyengo yozizira kumada msanga ndipo achemwali ayamba kudandaula msana. Mwezi watha ndinawauza alamu kuti asiye kuuma mutu, abwerere m'chipinda chawo, bambo akadzapeza viza adzatsikanso. Ndinawaseka kuti asanduka mbewa ya ku Pollokshields. Sanaseke. Anagogoda tebulo ndi chala chija kawiri, n'kundiyang'ana.

"Alamu, bambo akamva kuti ndatuluka ndekha, adzabwereranji kuno?"