Mpaka pa Mlatho wa Matabwa

A Makalata sanabadwe ndi dzina limenelo. Linawamatirira chifukwa cha chikwama chachikopa chimene ananyamula zaka makumi atatu, kuchokera pa positi kukafika midzi yonse ya kuseri kwa phiri. Njinga anawapatsa, koma anaibweza sabata isanathe. Ankati njira zawo n'za mbuzi, njingayo ikanafuna kuti aziibereka kumsana.

Dera lonselo analidziwa ndi zidendene. Ankadziwa pamene panali uvuni ya njerwa zimene zinamanga sukulu yoyamba, pamene panapsa sitolo ya mkulu wadiso limodzi, ndiponso msewu wakale wa ngolo umene tsopano wangotsala ngati ngalande. Koma malo a pamtima pawo anali chitsime cha miyala, m'chigwa chobisika. Anachimanga amuna asanu ndi awiri chaka cha chilala, ndipo simenti isanaume analembapo maina awo ndi msomali. Dzina lachitatu linali la bambo awo.

Tinene zoona, munthuyu anali wouma mtima pa ntchito. Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, ankawalondola m'mawa uliwonse, kadiresi kali petupetu. Akafika pa mlatho wa matabwa, iwo ankatembenuka.

"Bwerera, iwe! Uchedwetsa makalata a anthu. Ndidzakutenga ukadzakula miyendo."

Miyendo inakuladi, ndipo inamutengera kutauni kukakhala namwino. Ya a Makalata ndiyo inayamba kukana. Mawondo anatupa, dziko lawo lonse n'kutsala khonde, mpando ndi ndodo yotsamira pakhoma.

Chaka chino anamva kuti chigwa chija wagula mlimi wina, ndipo thirakitala ilowa mwezi ukatha. Zinawapweteka zedi. Sanafune kulimbana ndi mwini malo. Ankangofuna kuti wina wa magazi awo akaone maina aja, akawalembe papepala asanakwiririke. Namwino atabwera kutchuthi, anamukhazika pansi n'kumuuza njira, iye akulemba kuseri kwa envulopu.

"Ukawoloka mlatho, uyende mpaka pa nyumba ya telala. Ukhotere kumanzere, udutse kuseri kwa khola la mayi wamasiye uja wa agalu olusa. Ukafika pamene pamakhala wokonza mawailesi, utsike."

Namwino anachoka m'mamawa atavala nsapato za kuntchito. A Makalata anatsala pakhonde, akumuyendera ulendowo m'mutu. Pano ali pa uvuni. Pano akutsetsereka. Pano wagwada, akupukuta ndere ndi chala. Anadzipeza akumwetulira okha ngati mwana.

Namwino anabwera dzuwa litapendeka, siketi ili zitsotso zokhazokha, chidendene chimodzi chitatuluka thuza. Anakhala pa sitepe n'kuvula nsapato.

"Madzi akadalimo?" anafunsa bambo ake.

"Sindinachipeze, bambo."

"Aa! Pa telala unakhotera kuti?"

"Telala wake uti? Kulibe nyumba kumeneko, ndi chimanga chokhachokha. Ndafunsa anthu anayi. Wina wati telala anamwalira iye asanabadwe. Za mayi wa agalu angondiseka. Ndazungulira phiri lonse ngati nkhuku yodulidwa mutu."

A Makalata anaiyendanso njirayo m'mutu. Wonyamula makalata saloweza mitengo kapena miyala, amaloweza makomo. Njira yonse anaisunga m'maina a anthu, ndipo anthuwo anali atapita mmodzimmodzi, nyumba zawo n'kugwa, pamalopo n'kulimidwa. Anayesa kukumbukira ngati panali mtengo kapena thanthwe pokhotera paja. Zimene zinabwera ndi nkhope ya telala, ali ndi singano pakamwa, akulandira kalata.

"Ndipeze galimoto mawa, tipite limodzi," anatero namwino.

"Galimoto sifika. Ngakhale utandibereka, mwana wanga, maso angawa sangakuthandize. Inkadziwa ndi miyendo."

Mwanayo ankachotsa zitsotso chimodzichimodzi n'kumaziponya pansi. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kofuna kuwapepuza mtima.

"Komatu poyamba ndinayenda bwino. Envulopu sindinaiyang'ane n'komwe. Mwala uliwonse ndimaudziwa, ngakhale muzu uja ndinkapunthwapo uli pomwepo."

"Mpaka pati?"

"Mpaka pa mlatho."

Sananene mokwiya, ndipo n'chimene chinawalasa kwambiri. Madzi akatayika saoleka. A Makalata anayang'ana mapazi otupa a mwana wawo, n'kuwerenga mumtima kuti kuchokera pa mlatho kukafika pa chitsime ndi ulendo wa theka la ola basi, ngakhale kwa kamwana ka miyendo ifupiifupi. Zaka makumi atatu, palibe kalata ngakhale imodzi imene inachedwapo.