Tsiku Limene Tomoe Anakana Kudinda

Tomoe Iwabuchi anakulira kuseri kwa kashopu ka tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, mumzinda wa Mito. Bambo ake ankafuna kuti adzawalowe m'malo pashopupo, koma iye anakakamira fizikisi mpaka kuyunivesite. Amayi ake ankamuseka kuti adzakwatiwa ndi kakyuleta.

Ali ndi zaka 31 analembedwa ntchito pachipatala china cha khansa chimene chili ndi makina a mapulotoni. Cheza cha makinawa chimalowa m'thupi n'kukaima pamene achilamula, penipeni pa chotupa, osapsereza za kuseri kwake. Ntchito ya Tomoe inali kutsimikiza kuti chikuimadi pamenepo. M'mawa uliwonse ife okolopa tinkamupeza atadzaza kale madzi m'thanki yake yoyesera, akuwombera chezacho m'madzimo n'kuyeza pamene chathera. Akakhutira ankadinda pepala la tsikulo, ndipo popanda chidindo chake wodwala sankagonekedwa pamakinapo. Ankadinda mopendeketsa, monga amachitira wamng'ono aliyense, kuti chidindo chake chioneke chikuweramira cha bwana.

Bwanayo anali Dokotala Kanamori, amene tonse tinkawatchula mwaulemu kuti Sensei. Chaka chilichonse mu Marichi ndi iwo ankagamula ngati kontirakiti ya Tomoe ipitirire. Kafukufuku wake wa zaka zinayi, wofufuza mmene cheza chimayendera m'mapapo munthu akamapuma, ankadalira makina omwewo. Ntchito ikanatha, kafukufukuyo akanafera pomwepo.

Tsiku lina mu Febuluwale chezacho chinapitirira malo ake ndi mamilimita awiri. Anayeza katatu, anasintha choyezera, koma yankho linali lomwelo. Panja odwala 23 anali atakhala kale pamipando, ndipo woyamba anali bambo wachikulire amene chotupa chake chinagundana ndi mtsempha wa diso.

A Kanamori analowa anamwino ali pambuyo pawo. Anati mamilimita awiri ndi kanjere ka mpunga chabe, mwinanso madzi akewo ndi amene azizira. Anamukankhira pepala. Tonse tinkadziwa zoyenera kuchitika. Wamng'ono sakana pagulu: amakoka mpweya m'mano, amati nkhaniyi ndi yovutirapo pang'ono, kenako amadinda, n'kukadandaulira anzake poweruka.

"Ayi, Sensei," anatero Tomoe. "Sindidinda."

Namwino wina anayamba kukonza mapilo okonzedwa kale.

"Iwe Iwabuchi, wodwala wako ndi thanki iyi," anatero a Kanamori akuseka. "Anthu enieniwo ndi anga. Thanki inayamba yakuthokozapo?"

"Thanki ilibe diso, Sensei. Bambo ali panjawo ali nalo."

Kuseka kunatha. A Kanamori anamukumbutsa motsitsa mawu kuti Marichi sali patali. Tomoe anayankha kuti kalendala ali nayo, anaponya chidindo m'thumba la malaya n'kumanga batani. Kenako anatuluka yekha kukaweramira odwala aja mmodzimmodzi, kuwapepesa kuti abwerere. Ena anachokera kutali pasitima. Mayi wina anamufunsa mokalipa ngati chotupa chake nachonso chipume lero. Tomoe anawerama, osadziteteza, mpaka anafika kwa womaliza.

Akatswiri a makina anapeza vuto tsiku lachiwiri: kachitsulo kena mkatimo kanali katasuntha. Pamsonkhano wa ogwira ntchito umene unatsatira palibe anazitchula. Chimene chinakumbukiridwa n'chakuti anachititsa manyazi mkulu pamaso pa anamwino. Anzake anamunyengerera kuti agule kabokosi ka makeke akapepese, akuti a Kanamori akungodikira zimenezo kuti nkhani ithe. Makekewo anaguladi, okulungidwa bwino, koma tinadya ndife okolopa.

Marichi atafika, kontirakiti sanamuwonjezere. Analongedza mapepala ake m'makatoni osalira, n'kukafunsira ntchito kuchipatala china chakumpoto. Mkulu wakumeneko anali atamva kale mbiri yake. Anamufunsa ngati n'zoona kuti anaimitsa makina masiku awiri bwana wake asakufuna, ndiponso ngati angadzachite zomwezo kwa iwo.

"Makina akadzalakwitsa ndidzawaimitsa," anatero. "Ngati simukufuna munthu wotero mundiuziretu. Sitima yanga inyamuka 4 koloko."

Sitimayo inamusiya, poti anamusunga mpaka madzulo akumuonetsa makina awo. Anayamba ntchito mu Epulo. Kafukufuku uja anayambiranso pachiyambi penipeni, ali ndi zaka 36, ndipo akuti mpaka pano sanamalize.