Mpweya wa Achimwene

Kanali kachubu koyera ka pulasitiki, kokhala ndi kamuvi kofiira kamene kankatsetsereka munthu akauziramo mpweya. Kankakhala pawindo la chipinda cha achimwene, kwathu ku Sanjala, mumzinda wa Lichinga. Madokotala a ku Joni ndiwo anawapatsa, n'kuwauza kuti aziuzira m'mawa uliwonse, ndipo kamuviko kakayamba kutsika abwerere msanga.

Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Achimwene ankadwala khansa ya m'magazi, ndipo pa abale tonse, mafuta a m'mafupa anga okha ndiwo anagwirizana ndi awo. Amalume, amene ankagwira ntchito ku Joniko, anatitengera ku chipatala chachikulu. Kumeneko anandigonetsa tulo, n'kundichotsa mafutawo m'chiuno, n'kuwaika m'thupi la achimwene. Titabwerera ku Lichinga, aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo kwa kalasi, anzanga n'kundiombera m'manja. Masiku amenewo ndinkayenda mothimbwidzika.

Kenako chisanu cha Juni chinafika. Nkhungu inkakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera, milomo inkang'ambika, nyumba yonse inkanunkha makala a m'mbaula. Achimwene tsitsi linali litameranso, ndipo anali atayambiranso nthabwala zawo. Koma kamuvi kaja kanayamba kuima m'njira. Ankauzira mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, kenako n'kundipatsira. Ine ndikauzira, kamuvi kankathamanga.

"Waziona mphamvu zako?" ankatero. "Zimenezi ndi zomwe zili mwa ine. Ndichira basi."

Amayi ankaona zonsezi. "Ndi chisanuchi, mwanangu," ankawauza choncho achimwene. "Ku Lichinga kuno ndani sabanika mu Juni?" Ankawafunditsa bulangeti lachiwiri, n'kuwaphikira tiyi wa mandimu. Lero sindingawaweruze. Mayi amene wangobwera kumene ndi mwana wake wamoyo kuchokera kutali kotero safuna kumva za ulendo wina. Ndiponso thupi la achimwene silinkatentha, chifuwa sichinkamveka kwenikweni. Ankangoima kaye panjira tikamapita kokwerera shapa, maminibasi a kwathu, dzanja lili pakhoma.

Pofika Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, achimwene sankathanso kumaliza mawu osaima kuti apume. Amalume anawaitanitsa, koma madokotala anati tinjira ta mpweya m'mapapo tinali titatupa kale n'kutsekeka. Anamwalira mvula isanagwe.

Masiku ano ndimamva kuti madokotala akufufuza njira zodziwira kutupa kotereku pongoyeza mpweya umene munthu watulutsa, popanda jakisoni, iye asanayambe n'kubanika komwe.

Pamaliro, azimayi a kutchalitchi ankandisisita mutu, akuuzana motsitsa mawu kuti, "Uyu ndiye anapereka za m'mafupa mwake." Ine ndinkawongoka, misozi ili m'masaya. Sindinkadziwa, ndipo panalibe amene akanalimba mtima kundiuza, kuti mafuta angawo, atakhazikika m'thupi mwawo, anaona mapapo a achimwene ngati achilendo, n'kuyamba kulimbana nawo.