Maungu a Apongozi

Ine sukulu sinandikonde, koma kuwelenga kunandigwila ngati mphele. Ndimawelenga chilichonse: nyuzi yokulungila kapenta, thumba la feteleza, ngakhale kapepala ka m'bokosi la sopo. Mkazi wanga akafuna kundiseka amanditcha aphunzitsi opanda kalasi, ndipo ine ndimayankha.

Apongozi anga, amake a mkazi wanga, anabwela kuno ku Petauke nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anafika ndi mwana kumbuyo, mphika umodzi ndi nthanga za maungu zomanga pa nsonga ya chitenje. Maungu ake anali aang'ono, a khungu lotuwa, osaoneka bwino konse, koma mkati anali ouma ngati mbatata, otsekemela osafuna shuga. Anzawo atabwelela kwawo, iwo anatsala. Atamwalila, mbewu ija inatsala ndi mkazi wanga. Chaka ndi chaka ankasankha dzungu labwino, kuyanika nthanga, kuzisunga m'chikho ndi phulusa. Pamsika wa pa Boma ankadziwika ndi maungu amenewa. Azimayi ena ankachita kuitanila ogula, iye ankangokhala.

Chaka chimene ndikunenachi chinatsatana ndi chilala. Nthanga zinatsala zodzaza dzanja limodzi, ndipo mkazi wanga anazibzala zonse m'munda wa chimanga, monga mwa masiku onse. Zitangotulutsa masamba anayi, kunagwa malilo kwa abale ake ku Sandwe. Msewu wa kumeneko nthawi ya mvula ulibe chifundo, choncho anakhalako milungu iwili.

Udzu sunadikile. Ndinayang'ana munda, ndinayang'ana khasu, msana unayamba kuwawa ndisanagwile. Ndiye ndinapita pa Boma n'kugula mankhwala opha udzu amene anzanga ankatama, ndi kubweleka pampu yobeleka kumsana. Pepala la pa botolo ndinaliwelenga katatu, mokweza, kuti nkhuku nazo zimve. Linati udzu udzafa, chimanga chidzatsala. Za maungu silinanene kanthu, ndipo ine sindinafunse. Ndinkawaona pansi pa mapazi anga pamene ndinkapopela. Mumtima ndinkati mankhwala odula chonchi sangalephele kusiyanitsa dzungu ndi udzu.

Pepala silinaname. Patapita masiku, munda unayela ngati bwalo la tchalitchi. Chimanga chinaima bwino. Maungu, nyemba, bonongwe ndi delele womela yekha, zonse zimene azimayi amazilambalala polimila, zinapsa pamodzi.

Mkazi wanga atabwela ndinamutengela kumunda ine ndemwe, ndikufotokoza m'njila za nchito imene ndamupulumutsa. Anayenda mzele woyamba, wachiwili, akuwelama kutukula timasamba touma. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Atate a ana, pepala lanulo linati tidzadyela chiyani chimangachi?"

Ndinati ndiwo tizigula. Anandiyang'ana, nati iye ndiye wogulitsa ndiwo, tsono akagule kwa yani. Chaka chimenecho tinagula lepu ndi kabichi ngati anthu a ku Lusaka, ndipo pamalo pake pamsika panakhala mayi wa tomato.

Zimenezo zinali zopililika. Chovuta chinali mbewu. Poifunafuna tinayamba ndi anthu amene ankagula kwa iye, koma anati nthanga ankakazinga kapena kusinjila m'ndiwo. Akanasungilanji pomwe mwini mbewu analipo? Tinapita kwa mabanja ochokela ku Mozambiki amene anatsala. Mayi wina wachikulile anawakumbukila maunguwo, anawafotokoza mpaka malovu, koma anati ake anasakanikilana kalekale ndi akuno. Ine ndinkanyamula chikwama, osalankhula kwambili, zimene kwa ine ndi chilango chachikulu.

Chaka chachitatu ndinali pa basi yochokela ku Lusaka. Titaima pa Nyimba, pakati pa mikoko ya nthochi ndinaona timaungu totuwa pa thumba loyala pansi. Ndinatsika ngati wakuba, basi inatsala pang'ono kundisiya. Wogulitsayo anati anawatenga kwa munthu wa ku Mwape, zambili sadziwa. Ndinagula awili, n'kuwafungatila pamiyendo mpaka ku Petauke.

Mkazi wanga anatembenuza limodzi m'manja kwa nthawi, kuligogoda ndi chala, kulinunkhiza pa phata. Analidula, nthanga n'kuziika pambali m'mbale. Litapsa analawa kachidutswa, ine ndikumuyang'ana pakamwa. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Idyani, aphunzitsi. Ndi dzungu ndithu."

Ndinadya. Linali lamadzi, lozizila. Ndinayesa kunena kuti mwina ndi dothi la kumeneko, kuti tikabzala kwathu lingasinthe. Anati mwina. Kenaka anatenga mbale ya nthanga, anatuluka nayo panja, nakhuthulila nkhuku.